Msewu wa ku Nsambe

Tinanyamuka mu Blantyre Loweruka tambala asanalire kachiwiri, anthu anayi pa pikiapu yobwereka. Anzangawo ankangofuna kukapitidwa mphepo. Ine ndinkapita kwa amalume, amene ndinali nditatha zaka zisanu osawaona, ndipo manyazi ndinali nawo. Pa Zalewa tinawoloka Shire n'kusiya msewu wa ku Lilongwe, tinatsata wa ku Mwanza, kenaka tinakhotera kumanja. Phula litatha, nkhani za mpira zinathanso. Aliyense anagwira pogwira.

Kuchoka pa boma la Neno kukwera kwa Dambe ndi pamene galimoto imayamba kulira ngati ng'ombe yokoka ngolo. Mvula inali itangosiya kumene, mapiri ali biriwiri, nkhungu itagona m'zigwa. Mnzathu wina, amene anakhalako ku Dublin pa sukulu, anatiimitsa pamwamba pa chitunda china kuti ajambule. "Amwene," anatero, "kunotu ndi ku Ireland kwenikweni." Tinamuseka, komatu sanalakwe kwambiri. M'minda yonse yotizungulira munali mbatata ya kachewere, imene pa chiwaya cha tchipisi ku Limbe timaitchula kuti airishi. Dzinalo n'longobwereka. Mbatatayi kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America. Anthu a ku Ireland anangoidalira kwambiri, moti itagwidwa matenda mu 1845 kunagwa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Kuno inabwera ndi azungu, n'kupeza kuzizira kumene imakonda.

Mapiriwa pa mapu amatchedwa Kirk Range, kutengera John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi kuyambira 1858. Sindinamvepo munthu wa ku Nsambe akutchula dzina limenelo. Kwathu phiri lililonse lili ndi dzina lake, ndipo munthu akamakulozera njira amatchula mtsinje, chigayo ndi manda. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana kuti malire ayende pamsana pa mapiriwa, pamene madzi amagawikana. Anagawa madzi, anagawanso mabanja. Azakhali ena a amayi anga anakwatiwa tsidya la Mozambique, ndipo maliro akagwa palibe amene amafunsa za pasipoti.

Tinafika dzuwa litapendeka. Tinkafuna zoziziritsa kukhosi, koma pa golosale yoyamba tinapeza chitseko chili chotseka. Ndinali nditaiwala kuti ndi Sabata. Mpingo wa Seventh-day Adventist unazika mizu kuno kalekale: mishoni yawo ya Matandani inayamba mu 1908, patangopita zaka ziwiri ansembe a Montfort atatsegula mishoni ya Katolika pa Neno. Chipatala cha pa Nsambe nachonso ndi cha Adventist. Choncho Loweruka anthu ambiri kuno amakhala atatchena, mabuku m'manja, khasu litapumula.

Amalume anatilandira ndi thobwa. Mnzanga wa ku Dublin atayamba kuyamikira kukongola kwa dziko, iwo anangogwedeza mutu.

"Zikomo bambo," anatero. "Koma inu mwakwera mutakhala pansi."

Atatero anayamba nkhani ya agogo awo, imene ine ndinaimvapo ndili mwana osaisamala. Pa nthawi ya atsamunda, mzungu akati ali pa ulendo ndiye kuti wagona m'machila, amuna awiri atasenza mtengo pamapewa, ena akuthamanga pambali kudikira kulandira. Kumbuyo kunkabwera amtengatenga ndi mabokosi, tenti, mpando, ngakhale bafa. Agogowo anali mmodzi wa iwo. Ankasenza kuti apeze ya msonkho wa nyumba, chifukwa wosakhoma ankamugwira. Amalume anati mapewa a agogowo anali ndi zipsera zolimba ngati chikopa, ndipo ana ankakonda kuzikhudza. Njira zimene ankadutsa ndi zomwezi, zokhotakhota kuzemba maphompho. Makasu ndi mapiki anangozikulitsa pambuyo pake kuti galimoto idutse.

Ndinaganiza za mawu akuti ulendo. Ifenso tinali pa ulendo, wa masiku awiri, ndi nyama yowotcha m'bokosi. Sindinanene kanthu.

Machila anatha koma kusenza sikunathe. Kumtunda kuno, ngati ku Tsangano, kumalimidwa tirigu, mbewu yosowa m'Malawi muno. Amayi anga amakamba za kupuntha tirigu ndi ndodo pabwalo, kupeta, kenaka kusenza pamutu kukafika pamene lole ingathe kufika. Mbatata nayo chimodzimodzi. Wogula amene wakwanitsa kukwera ndi lole ndiye amatchula mtengo, chifukwa amadziwa kuti mlimi sangatsike nalo yekha thumba, ndipo mbatata siidikira. Mvula ikagwa kwa masiku atatu, lole siibwera n'komwe. Odwala ankatsika pa machila ena, a nsungwi ndi bulangete, ndipo amalume anawerenga pa zala amayi oyembekezera amene anathera m'njira. Panonso m'dzinja zimachitika kuti ambulansi ititimire.

Njira zomwezi zinabweretsanso alendo. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu ankawoloka usiku ndi ana kumsana, mbuzi pachingwe. Ena anakakhala ku misasa ya kumunsi monga Luwani, koma ambiri anangolowa m'midzi mwa abale awo. Nkhondo inatha mu 1992. Luwani anatsegulidwanso mu 2016 zinthu zitavutanso tsidya lija.

Neno anakhala boma loima palokha mu 2003, atachoka ku Mwanza. Mu 2007 kunabwera a Partners In Health, amene kuno amadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, ndipo zachipatala zinasintha moti aliyense amavomereza. Zina zimangodutsa. Magetsi a pa Nkula akhala akupangidwa m'mphepete mwa bomali kuyambira 1966, kuwalitsa mizinda. Njanji imene kampani ya Vale inamanga imadutsa kumunsi, sitima zitasenza malasha a ku Moatize kupita ku Nacala. Msewu wa phula wochoka ku Tsangano kudzera pa Neno kukafika ku Mwanza wakhala ukukambidwa pa misonkhano kwa zaka zambiri, ndipo asilikali anayambapo ntchito. Amalume anati iwo adzakhulupirira akadzaponda phulalo ndi phazi lawo pa Nsambe.

Usiku kunazizira moti tinagona ndi majekete. Lamulungu m'mawa tinapeza matumba awiri a mbatata atatsamira tayala la pikiapu, mphatso ya amalume. Pambali pake panali ena asanu, ndi mayi wina atakhala pa limodzi la iwo, mwana kumsana. Anagwada n'kuwomba m'manja. Anali atadikira lole kuyambira Lachinayi. Tinatsitsa bokosi lathu la nyama n'kulipanikiza pamiyendo, anyamata anakweza matumbawo, ndipo mnzanga wa ku Dublin anawasiyira mayiwo mpando wakutsogolo n'kukwera kumbuyo. Potsika sanajambule chithunzi ngakhale chimodzi, chifukwa manja onse awiri anali atagwira chingwe cha katundu.