Honk!: Sewero la kabakha komwe anzake ankakaseka

Ndili ku pulayimale, anzanga ankandiseka chifukwa cha chibwibwi, moti nthawi ya buleki ndinkadya chimanga changa ndekha kuseri kwa kalasi. N'chifukwa chake sewero la ana lotchedwa Honk! limandikhudza, ndipo ndati ndikufotokozereni.

Honk! ndi sewero loimba la ku England. Nyimbo zake anapeka George Stiles, mawu analemba Anthony Drewe. Anatenga nthano ya kabakha konyansa yomwe Hans Christian Andersen wa ku Denmark anasindikiza mu 1843. Linaonetsedwa koyamba mu 1993 ku Watermill Theatre, pafupi ndi tawuni ya Newbury, lili ndi dzina lina. Atalikonzanso, linafika ku National Theatre ku London mu 1999. Chaka cha 2000 linapata mphoto ya Olivier ya sewero loimba latsopano lopambana, kugonjetsa The Lion King ndi Mamma Mia! Inde aise, kabakha kanagwetsa mkango.

Nkhani yake ili motere. Mayi bakha, Ida, akuswa mazira. Dzira lalikulu lomaliza likutulutsa mwana wosiyana ndi abale ake, yemwenso salira ngati bakha. Akumutcha Ugly, kutanthauza wonyansa. Pakhomo ponse akumunyoza kupatula mayi ake. Mphaka akubwera ngati bwenzi, chonsecho akufuna kumuchita ndiwo. Pothawa mphakayo Ugly akusochera, ndipo Ida akusiya ana ena m'manja mwa bambo wawo Drake n'kuyamba kumusaka.

Panjira Ugly akukumana ndi atsekwe omwe akuyesa kumuthandiza, chule yemwe akumulimbitsa mtima, komanso Penny, mbalame ya khosi lalitali yotchedwa swan, yemwe wakodwa mu chingwe cha asodzi. Ugly akumumasula. Nyengo yozizira itatha, zikudziwika kuti nayenso ndi swan. Akanatha kuuluka ndi mtundu wake, koma akusankha kubwerera kwa Ida yemwe anamulera, ndipo Penny akumutsatira.

Ine mbali yomalizayi ndi imene ndimaikonda. Kwanu si kumene mukufanana nkhope, koma kumene anakusaka utasowa. Komanso mwana amaphunzira kusiyanitsa mphaka ndi chule: woyamba kukusekerera si nthawi zonse amakhala mnzako.

Pali mtundu wachidule wotchedwa Honk! JR. womwe ana asukulu amasewera okha. Kuliseweretsa pagulu kumafuna chilolezo cha eni ake, koma nthano ya Andersen ndi yakale, aliyense akhoza kuipangira sewero lakelake m'Chichewa. Bwalo la sukulu, zitenje ndi makatoni zikwanira.

Pa 20 Malichi chaka chilichonse, bungwe la ASSITEJ limakumbukira tsiku la zisudzo za ana ndi achinyamata padziko lonse. Inu a magulu a zisudzo m'tawuni muno, tsikulo lisadutse chabe. Ndipo pogawa mbali, yambani mwayang'ana kamwana kaja kokhala kokha kumbuyo. Mwina Ugly wanu ndi ameneyo.