Atsikana 110 aja, ndi funso lomwe linachokera ku Chirunga

Mu tauni ya Zomba muli malo awiri amene kwa zaka zambiri akhala akulimbana ndi zimene zimachitika m'mutu mwa munthu. Oyamba ndi chipatala cha odwala misala, chomwe aliyense amachidziwa, moti mawu akuti "tikupititsa ku Zomba" anasanduka chipongwe cha m'minibasi. Achiwiri ndi Chirunga, patsinde pa phiri, pomwe pali Chanco. Lero ndikufuna tikambe za malo achiwiriwa, makamaka za mmodzi mwa aphunzitsi amene anaphunzitsapo kumeneko, a Dixie Maluwa-Banda, katswiri wa za maganizo amene kafukufuku wawo wambiri anakhudza mwana wa ku sekondale.

Tiyambe ndi kumene zinthu zinachokera. Mu 1910, nthawi ya atsamunda, anthu odwala misala ankasungidwa m'chigawo china cha ndende ya Zomba. Inde, ndende yomweyo. Chipatala chapachokha chinadzatsegulidwa mu 1953. Wolemba mbiri Megan Vaughan analemba za malo a m'ndendewa mu 1983, ndipo chithunzi chimene chimatuluka n'chakuti boma la nthawiyo linkasamala kwambiri zotsekera munthu amene likumuona kuti ndi woopsa, kuposa kumuchiza. Mwana wa sukulu wosowa mtendere mumtima analibe malo m'maganizo amenewo.

Kunja nako akatswiri anali atayamba kale kukangana za msinkhu wa unamwali. Mu 1904, G. Stanley Hall wa ku America anatulutsa buku lalikulu lonena kuti zaka zimenezi ndi za chipwirikiti mwachibadwa, kulikonse padziko. Mu 1928, Margaret Mead, atakhala pakati pa atsikana a ku Samoa, anatsutsa: anati chipwirikiticho chimatengera mmene anthu a pamalopo amalerera ana. Ndiye mkangano unali pakuti, vuto limakhala m'thupi mwa mwana kapena m'zimene zamuzungulira? Kwathu kuno agogo athu anali ndi yankho lawolawo. Anali ndi chinamwali, jando ndi nsondo, anankungwi ndi aphungu, kutanthauza kuti mwana akatha msinkhu sankasiyidwa yekha kuti adzionere.

Chanco inasamukira ku Zomba kuchokera ku Blantyre mu 1973. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunali kagulu ka akatswiri a za maganizo komwe kanayamba kufufuza moyo wa Amalawi enieni m'malo mongobwereza za m'mabuku a ku Ulaya. Ena mwa iwo anali Malcolm MacLachlan, amene pambuyo pake anakaphunzitsa ku Trinity College ku Dublin, komanso Stuart Carr ndi Eilish McAuliffe. A Maluwa-Banda anali Mmalawi wogwira nawo ntchito, wochokera kumbali ya za uphunzitsi.

Mu 1995, MacLachlan, Maluwa-Banda ndi McAuliffe anasindikiza nkhani imene ine ndimaiona ngati chimake cha mbiri yonseyi. Pasukulu ina ya sekondale ya atsikana ya Akatolika kunagwa chinthu chodabwitsa chomwe chinagwira ana 110. Ena ankakuwa, ena kuseka osalekeza, ena kulira mokweza, kugwa n'kumagubuduka pansi, kuopseza anzawo, kapena kulankhula zosamveka. Ena ankangokhala duu, kukana chakudya, kuona zinthu zomwe palibe, kudana ndi phokoso ngakhale lochepa, ndi kumva mutu kuwawa cha kunkhongo. Ambiri mwa iwo atatumizidwa kwawo, mavutowo anatha.

Tangoganizani zimene zikananenedwa pa gulu la WhatsApp la makolo zikanachitika lero. Wina akanati ndi ufiti. Wina akanati sataniki, itanani abusa. Wina akanati ndi matama chabe, awakwapule basi. Ofufuza atatuwa anaunika mbali zonse: matenda a m'thupi, maganizo, zikhulupiriro za makolo, kayendetsedwe ka sukulu, mpakana ndale. Pomaliza anati zimene zinachitikazo tingazimve ngati njira imene atsikanawo ankadzitchinjirizira, komanso kusonyezera kusakondwa kwawo, pakati pa kusintha kwadzaoneni komwe dziko linali kudutsamo.

Kusintha kwake kuti? Kwa inu amene munabadwa Facebook ilipo kale, zinali chonchi. Pa 8 Marichi 1992 m'matchalitchi a Akatolika munawerengedwa kalata ya mabishopu yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ophunzira a ku Chanco anatuluka kuguba poikira kumbuyo mabishopuwo. Pa 14 Juni 1993 kunali riferendamu, pa 17 Meyi 1994 chisankho chomwe chinachotsa a Kamuzu Banda. Lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi linathetsedwa mu 1993. Pa nthawi yomweyo Edzi, yomwe inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inali kumaliza makolo ndi azakhali. Ndiye taonani mtsikana wa Fomu 2 ali kugonera pasukulu: kunja aliyense akufuula za ufulu, mkati mwa mpanda belu ndi malamulo zili momwemo, kumudzi maliro sakutha, ndipo palibe wamkulu amene angakhale naye pansi n'kumufunsa kuti zikukuyendera bwanji. Pakamwa pakatsekedwa, thupi limalankhula.

Sizinayambire kwathu zimenezi. Mu 1962, pasukulu ya mishoni ya atsikana ku Kashasha, kufupi ndi Bukoba ku Tanganyika, ana 95 mwa 159 anagwidwa ndi kuseka ndi kulira kosaletseka mpaka sukulu inatsekedwa. Panali patangopita milungu yochepa dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira. Kufanana kwake kumandichititsa nthumanzi: atsikana, sukulu yogonera, dziko likusintha chikopa.

Funso lotsatira linali lodziwikiratu: nanga m'sukulumo alipo womvetsera? Mu 1998 a Maluwa-Banda anatulutsa zotsatira za kucheza kwawo ndi aphungu 20 a m'sukulu za sekondale za m'chigawo chapakati ndi chakummwera. Anapeza kuti onsewo anali aphunzitsi okhala ndi makalasi awo odzaza, ndipo sanaphunzitsidwe ntchito ya uphungu. Aliyense wa ife amene anadutsa ku sekondale akudziwa tanthauzo lake. Amene akuti ukawauze zakukhosi kwako ndi omwewo akuchonga mayeso ako a masamu, mwinanso ndi omwewo amakhala pa komiti yopereka zilango. Ungaulule chiyani pamenepo, aise? Digiri yawo ya udokotala, ya ku University of Alberta ku Canada, inayang'ananso ana a sekondale a kummwera: zimene ankadziwa za Edzi, ndi zimene iwo eni ankanena kuti amachita pa nkhani za kugonana.

Patapita zaka, funso lomwe lija la zimene zamuzungulira mwana linafunsidwanso m'boma la Zomba, ulendo uno ndi akatswiri a zachuma. Mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo, m'kafukufuku wa madera 176. Mtsikana ankalandira dola 1 mpaka 5, makolo madola 4 mpaka 10. Ena ankalandira pokhapokha ngati mtsikanayo akupita kusukulu, ena ankangolandira popanda lamulo. Ofufuza atayeza kuvutika maganizo, zinapezeka kuti pakati pa ana asukulu olandira popanda lamulo kunatsika ndi 38 peresenti poyerekeza ndi amene sankalandira, pomwe kwa olandira ndi lamulo kunatsika ndi 17 peresenti yokha. Ndalama za makolo zikakhala zambiri koma zodalira kuti mwana asajombe, mtolo wa banja lonse unkagwera pamutu pa mwanayo. Ndipo ndalamazo zitasiya, phindu la m'maganizo lija linazilala.

Ine ndikaziika pamodzi nkhani izi, ndimaona ulendo umene Zomba yayenda: kuchoka pa kutsekera munthu m'chipinda cha ndende, kufika pa kufunsa kuti mwanayu akudya chiyani, akuopa ndani, wasenza katundu wa yani. Sindikunena kuti matenda a misala kulibe. Alipo, ndipo chipatala chija chimapulumutsa anthu. Sindikunyozanso pemphero. Koma ntchito ya a Maluwa-Banda ndi anzawo imatikumbutsa kuti mwana wa zaka 15 akasokonekera, nthawi zambiri amakhala akuyankha zinazake zenizeni.

Ambiri a inu muli ndi mng'ono wanu kapena mlongo wanu ku sekondale, ena ndinu aphunzitsi kumene. Tsiku lina kanema wa atsikana akugwa pa asembule adzafika pa foni yanu. Musanamutumize ku magulu ena ndi tizithunzi toseka, funsani kaye kuti pasukulupo pachitika zotani teremu imeneyi, ndipo ndani wakhala nawo pansi anawo n'kuwamvetsera mpaka amalize kulankhula.