Gitala la 1964 ndi funso la umboni



Mwezi wathawu mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa mbiri ku Fomu 4, yemwe tsopano akugwira ntchito ku Leeds, ananditumizira uthenga. Anati, "Aphunzitsi, ndaona Fender Stratocaster ya 1964 pa okushoni ya pa intaneti. Kodi ndiponyepo ndalama zanga?" Zinali ndalama zomwe wakhala akusunga zaka zitatu. Ine gitala ndimangokhwakhwaza, koma ndinaona kuti funso lakelo ndi la mbiri.

Tiyambe ndi chakacho. Leo Fender wa ku Fullerton, California, anatulutsa Stratocaster mu 1954. Mu 1965 anagulitsa kampani yake kwa CBS pa madola 13 miliyoni. Oyimba ambiri anayamba kudandaula kuti magitala atsopano sakufika pa akale aja, ndipo kuyambira pamenepo lililonse lopangidwa CBS isanabwere linasanduka chuma. Ku Gibson nakonso zinayenda chimodzimodzi. Les Paul Standard ya 1958 mpaka 1960 sinkayenda malonda, mpaka anasiya kuipanga. Koma Eric Clapton ataiyimba pa chimbale cha John Mayall mu 1966, aliyense anayamba kuisakasaka. Apa tiona kuti ukale pawokha sukweza mtengo. Chimakweza ndi nkhani imene anthu amakamba za chinthucho.

Kale wofuna gitala lotere ankapita yekha kusitolo ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuligwira, n'kuliyimba. Zinasintha mu 1995 pamene Pierre Omidyar anayambitsa AuctionWeb, yomwe inadzatchedwa eBay mu 1997. Mu 2013 ku Chicago kunabadwanso Reverb, msika wa zida zoyimbira zokhazokha. Msika unakula, koma wogula anatsala ndi zithunzi ndi mawu a munthu amene sanamuonepo.

Vuto lake nali. Fender anapanga gitala lake kuti lizimasulidwa mosavuta. Khosi limagwira kuthupi ndi mabawuti anayi basi, ndipo pa magitala a 1964 nambala yake ili pa kachitsulo ka mabawutiwo. Munthu angathe kuchotsa kachitsuloko n'kukamanga pa gitala lina.

Ndiye ndinamukumbutsa mnyamatayo zomwe tinkanena m'kalasi: mboni imodzi siimanga mlandu. Ndinamuuza apemphe zithunzi za malo obisika. Kumapeto kwa khosi, komwe limalowa m'thupi, fakitale inkadinda mwezi ndi chaka. Pa timakina tomwe tili kuseri kwa mabatani okwezera mawu palinso manambala. Ngati ayamba ndi 137, ndiye kuti tinapangidwa ndi kampani ya CTS, ndipo otsatirawo amanena chaka ndi sabata.

Wogulitsa anatumiza zithunzi patapita masiku awiri. Khosi linalidi la 1964, koma timakinato tinali ta 1978, ndipo atafunsidwa bwino anavomera kuti thupi linapentedwanso. Mwina sankafuna kuba. Mwina nayenso anagula litatero. Koma mtengo umene ankayitanira unali wa gitala losakhudzidwa. Mnyamata wathu sanaponye ndalama.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi. Gitala lotchuka la Clapton, lotchedwa Blackie, nalonso linali lolumikiza. Mu 1970 anagula ma Stratocaster angapo akale ku Nashville, n'kutenga ziwalo za atatu kupanga limodzi. Mu 2004 linagulitsidwa ku Christie's pa madola 959,500. Nanga bwanji lolumikiza lina likhale chuma, lina likhale lokayikitsa? Yankho ndi loti Blackie tikudziwa analilumikiza ndani, liti, ndipo linayenda m'manja mwa yani. La pa intaneti lija linalibe womuchitira umboni.

Aphunzitsi anzanga, ana akamatifunsa kuti mbiri idzawathandiza chiyani, nthawi zambiri timayankha za mayeso a MSCE. Ine tsopano ndili ndi yankho lina. Kufunsa kuti wanena ndani, wadziwa bwanji, ndipo ndani winanso akuvomereza, kwapulumutsa thukuta la zaka zitatu la mwana wathu.

Dzulo wandiuza kuti wagula Stratocaster yatsopano yopangidwa ku Mexico, ndipo ndalama zotsala watumiza kumudzi kuti amayi ake afolere nyumba. Akuti ikulira bwino kwambiri.