Kuyendetsa thiraki kapena kugula yanu: dziwani izi musanalowe mumsewu

Aliyense wokhala kuno ku Mwanza amaudziwa mzere wa mathiraki womwe umandanda kulowera kuboda. Tikamacheza ndi anyamata pamsika, mafunso amakhala awiri omwewo: ntchito imeneyi amayamba bwanji, nanga munthu utagula thiraki yako ungalemere? Malume anga anayendetsa thiraki ya kampani kwa zaka zambiri, kenako anagula yawo. Ndinaona zonse ziwiri ndi maso angawa, ndipo chomwe ndinatolapo n'chakuti kuyendetsa thiraki ndi ntchito ina, kukhala mwini thiraki ndi ntchito inanso. Ambiri amagwa chifukwa chosokoneza ziwirizi.

Mapepala oyambira

Zonse zimayambira ku Road Traffic, ofesi yomwe masiku ano imatchedwa DRTSS. Malaisensi amayenda motere:

- B: galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500.
- C1: malole apakati, kuyambira makilogalamu 3,500 kulekeza 16,000.
- C: malole olemera kupitirira makilogalamu 16,000.
- EC1 ndi EC: galimoto zokoka ngolo. EC ndiye laisensi ya mathiraki aatali omwe timawaona paboda aja.

Laisensi payokha sikwanira. Woyendetsa galimoto yaganyu amafunikanso chiphaso cha PrDP, chomwe chili ndi zilembo zitatu: G wa katundu, P wa anthu, ndi D wa katundu woopsa monga mafuta. Chiphasochi chimatha ntchito pakapita nthawi, ndiye muzionetsetsa tsiku lake. Onjezerani pasipoti, komanso satifiketi ya defensive driving yomwe makampani ambiri amaifunsa.

Laisensi yogula kwa dobadoba isiyeni. Makampani aakulu amakukwezani pathiraki n'kukuuzani kuti mubwerere chambuyo ndi ngolo, ndipo pamenepo pepala silingakuyendetsereni.

Poyambira ntchito

Palibe bwana amene angapereke thiraki yonyamula matani 30 kwa munthu wongochoka kumene kusukulu ya udalaivala. Ambiri amayamba ndi Dyna kapena Canter, kututa mchenga, njerwa ndi chimanga m'tauni momwe muno. Ena amayamba ngati othandizira dalaivala: kumanga lona, kusintha tayala, kulondera katundu usiku. Malume amati zaka zimenezo ndiye sukulu yeniyeni, chifukwa m'pamene umaphunzira kumva kulira kwa injini n'kudziwa kuti china chake chavuta.

Ntchito za m'dziko muno zimatsata nyengo. Fodya amapita kumisika ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu, nthawi zambiri kuyambira mu April. Shuga amachokera ku Nchalo ndi ku Dwangwa, tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, pomwe feteleza amayenda kwambiri mvula ikamayandikira.

Njira zomwe mudzayende

Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, choncho katundu wambiri amadzera madoko anayi: Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, ndi Durban ku South Africa. Wopita ku Beira kuchokera ku Blantyre amatulukira pano pa Mwanza, kulowa pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, ulendo wa makilomita opitirira 800. Wa ku Durban amadzeranso ku Tete, kenako Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Wa ku Dar es Salaam amakwera msewu wa M1, kutsika mapiri a Chiweta n'kutulukira pa Songwe, makilomita opitirira 1,500 kuchokera ku Lilongwe.

Pamapu ulendo umaoneka waufupi, koma masiku ambiri amathera podikira mapepala paboda kapena kudikira kupakira kudoko. Zinthu zikasokonekera kwa aneba, dalaivala ndiye woyamba kuzimva. Namondwe wa Idai ataononga Beira mu March 2019, komanso zionetsero zitabuka ku Mozambique chisankho cha October 2024 chitachitika, mathiraki ambiri anaima osadziwa tsiku lonyamuka.

Chomwe chimasunga dalaivala pantchito

Mabwana a mathiraki amadziwana ndipo amaimbirana foni. Mbiri yanu imafika pakampani inu musanafike. Zomwe zimachotsetsa anthu ntchito n'zodziwika: kupopa dizilo n'kugulitsa, kunyamula matola, kubisa katundu wozembetsa, ndi mowa. Mathiraki ambiri tsopano ali ndi GPS, ndiye bwana amaona pomwe mwaima ndi liwiro lomwe mukuthamanga ali khale muofesi.

Tulo nato timapha. Mukayamba kuona msewu pawiri, imani mugone. Potsika phiri ngati la Chiweta, lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, chifukwa mabuleki akatentha sagwira. Ndipo tisanamizane, m'malo ogona am'njira muli mayesero. Makondomu ndi kuyezetsa magazi ndi mbali ya ntchitoyi ngati jeke ndi sipanala.

Pa malipiro, funsani kalata ya mgwirizano yolembedwa, yosonyeza malipiro apamwezi ndi alawansi ya ulendo padera. Madalaivala a mathiraki ananyanyalapo ntchito mu 2019 ndi mu 2021 pankhani ya malipiro, ndipo boma linakhazikitsa malipiro otsikitsitsa apadera a gulu limeneli. Pitani ku ofesi ya Labour mukafunse mlingo womwe ulipo panopa musanasaine chilichonse.

Tsopano nkhani yogula yanu

Dalaivala akaona ndalama yomwe bwana walandira pa ulendo umodzi, mtima umadumpha. Amati eti ine ndikungolandira nyenyeswa. Malume anaganizanso choncho. Anatenga ndalama zomwe anasunga, kuonjezera ngongole, n'kugula thiraki yogwiritsidwapo kale ntchito. Miyezi yoyambirira zinkayenda. Kenako giyabokisi inafa, ndipo nthawi yomweyo kampani ina yomwe anainyamulira katundu inachedwa kulipira. Thiraki inakhala pamiyala miyezi ingapo, koma ngongole sinaime. Walira mvula walira matope.

Ndalama yomwe dalaivala amaiona ija ili ndi eni ake ambiri:

- Dizilo. Thiraki yodzadza imayenda makilomita awiri kapena kupitirira pang'ono pa lita imodzi. Ulendo wa ku Beira, kupita ndi kubwera, ndi malita pafupifupi 700 mpaka 800.
- Matayala. Thiraki ya ma ekiselo atatu yokoka ngolo ya ma ekiselo atatu imaponda pansi ndi matayala 22, ndipo onse amachokera kunja.
- Mapepala a galimoto: COF, inshulansi, ndi zilolezo zonyamulira katundu m'dziko muno ndi kunja. COMESA Yellow Card imathandiza m'mayiko monga Zambia ndi Zimbabwe, koma Mozambique sili mu COMESA, ndiye kumeneko ndi inshulansi ina.
- Zolipira mumsewu: mageti a Chingeni ndi Kalinyeke pa M1, ndi ndalama za msewu m'mayiko omwe mukudutsa, zina mwa izo zolipira m'madola.
- Sikelo. Malire a kulemera kwa thiraki yonse ndi katundu wake ndi matani 56, koma amayezanso ekiselo iliyonse payokha. Katundu wopakira molakwika angakulipiritseni chindapusa ngakhale matani onse ali m'malire.
- Msonkho wa MRA, makanika, ndi malipiro a dalaivala ngati simukuyendetsa nokha.

Pamwamba pa izi pali kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anagwirizana mtengo wa ulendo m'makwacha koma akugula masipeya odalira dola anaona phindu likusungunuka.

Vuto lina ndi katundu wobwerera. Malawi amagula zambiri kunja kuposa zomwe amagulitsa, choncho thiraki imatha kupita kudoko yopanda kanthu, koma dizilo ikumwa. Wathiraki imodzi amapezanso katundu kudzera kwa madobadoba kapena makampani aakulu, omwe amadulapo yawo.

Dzifunseni musanalipire

1. Kodi katundu ndili naye? Pezani kaye kasitomala wodalirika, makamaka wa mgwirizano wolembedwa, kenako thiraki.
2. Kasitomalayo amalipira pakatha masiku angati, ndipo dizilo ya maulendo apakatipo ndidzaigula ndi chiyani?
3. Thiraki itaima miyezi itatu, ndingakwanitse kubweza ngongole ndi kudyetsa banja?
4. Masipeya a mtundu umenewu, kaya ndi Scania, Volvo, Howo kapena FAW, amapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe? Nanga makanika woudziwa alipo?
5. Ndapita ndi makanika wanga kukaiona, ndipo ndatsimikiza ku Road Traffic kuti mapepala ake ndi enieni?

Ngati mayankho awiri kapena atatu ali oti ayi, dikirani kaye. Katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Malume anagulitsa thiraki ija, anabweza ngongole, ndipo ndi zotsala anagula lole ya matani atatu yomwe ikututa simenti ndi mbewu m'boma lomwe lino. Masipeya ake ndi otsika mtengo, makasitomala amalipira pompopompo, ndipo amagona pakhomo. Sindikunena kuti aliyense atsate njira yawoyi. Alipo omwe anayamba ndi thiraki imodzi n'kufika pokhala ndi zingapo, koma omwe ndimawadziwa ine anayamba ali ndi katundu wotsimikizika ndi ndalama yapadera yokonzetsera.

Ngati muli ndi zaka za m'ma 20 ndipo mtima uli pamsewu, yambani ndi laisensi yoona, pezani poyambira ngakhale pa Canter, ndipo muzilemba m'kope ndalama zonse zomwe ulendo uliwonse ukudya. Pakatha zaka zingapo, kope limenelo lidzakuuzani ngati nthawi yogula yanu yakwana.