William Onyeabor ndi Nyimbo za Magetsi za ku Enugu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la mbiri litifikitsa ku Enugu, mzinda wa kum'mawa kwa dziko la Nigeria. Kumeneko kunali munthu dzina lake William Onyeabor, amene anabadwa m'caka ca 1946. Iye anapeka nyimbo pa makina a magetsi, nazijambula ndi kuzigulitsa yekha, wosadalira kampani ya wina aliyense.

Poyamba timvetse makinawo. Mau onse amene timamva acokera ku kunjenjemera kwa cinthu. Mukaomba ng'oma, cikopa cinjenjemera. Mukakhudza kalimba, kacitsulo kanjenjemera. Cipangizo cochedwa synthesizer cilibe cikopa kapena nsambo. Mphamvu ya magetsi ndiyo injenjemera m'kati mwake, ndipo cokuzira mau cisandutsa kunjenjemerako kukhala liu. Kunjenjemera kukafulumira, liu likhala laling'ono. Kukacedwa, liu likhala lalikulu. Robert Moog wa ku America anaonetsa makina ake otere m'caka ca 1964. Anali a mtengo wapatali, ndipo mu Africa anali osowa kwambiri.

Enugu ndi mzinda umene unaona zowawa. Pa nkhondo ya Biafra, imene inayamba mu 1967 ndi kutha mu 1970, mzindawu unali likulu loyamba la cigawo cimene cinafuna kupatuka ku Nigeria. Patapita zaka 7 nkhondo itatha, mu 1977, Onyeabor anatulutsa mbale yake yoyamba ya galamafoni, yochedwa Crashes in Love.

Masiku amenewo oimba ambiri a m'Nigeria anali kupita ku Lagos, ku makampani akulu monga EMI ndi Decca. Kampani ndiyo inali kujambula nyimbo, kuumba mbale ndi kuzigulitsa. Onyeabor anatsata njira yina. Anakhazikitsa kampani yake, Wilfilms, namanga nyumba yojambuliramo nyimbo, nagulanso makina oumbira mbale ku Enugu komweko. Motero nchito yonse, kuyambira kupeka nyimbo kufikira kuiika m'cikuto, inali m'manja mwake.

Pakati pa 1977 ndi 1985 anatulutsa mbale zosacepera 8. Mwa izo muli Atomic Bomb ya 1978, Body and Soul ya 1980, Good Name ya 1983 ndi Anything You Sow ya 1985. Pa mbale zoyamba munamveka kwambiri magitala ndi ng'oma. Pa zotsiriza, makina a magetsi ndiwo anatsogola. Nyimbo zina zinali zotalika mphindi 10, zobwereza kamvekedwe kamodzi monga acitira oomba ng'oma pa gule. Mau ake anali a Cingelezi, ndipo ambiri anali malangizo. M'nyimbo ya Better Change Your Mind anacenjeza maiko amphamvu, monga America ndi Russia, kuti aleke kudziyesa eni ake a dziko lonse lapansi.

Itapita 1985 analeka kutulutsa mbale zotere. Anadzipereka pa Cikristu ndi pa malonda, kuphatikizapo cigayo cacikulu ca ufa, ndipo anakana kukamba za nyimbo zake zakale. Mbale zake zinayamba kusowa, koma sizinafe. Mu 2001 kampani ya Strut ya ku London inaika nyimbo yake imodzi pa mbale ya Nigeria 70, ndipo anthu a maiko akutali anayamba kufunsa za iye. Kampani ya Luaka Bop ya ku New York inafuna kutulutsanso nyimbo zake, koma popeza mwini wake anali iye, inayenera kumpempha kwa zaka zingapo asanavomere. Mbale ya Who Is William Onyeabor? inatuluka mu 2013. Mu 2014 oimba ochuka, monga David Byrne ndi Damon Albarn, anaimba nyimbo zake ku London ndi ku New York, mwini wake ali khale ku Enugu. Anamwalira komweko mu January 2017, ali ndi zaka 70.

Akulu anati, nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Onyeabor anasula nkhwangwa yakeyake. N'cifukwa cake alendo ofuna nyimbo zake anacita kufika pakhomo pake ndi kuodira.

Aphunzitsi, thandizani ana kupeza Enugu ndi Lagos pa mapu a Africa. Kenaka mangani kamphira pa kabokosi, ana akakoke ndi cala, aone kunjenjemera kwake ndi kumva m'mene liu lisinthira kamphirako kakakungika. Pomaliza afunseni funso ili: kodi m'mudzi mwanu muli ndani wopeka nyimbo, nanga nyimbo zakezo asunga ndani?