Sitima za malasha ndi vuto la pokhota

Amene anasenzapo phaso lalitali m'kanjira ka m'dimba akudziwa: poongoka umayenda bwino, pokhota phaso limakola. Mitu ya sitima za malasha inali ndi vuto lomweli. Magudumu akuluakulu okoka ankamangidwa pa chitsulo chimodzi chosapindika. Kuti mutu ukhale wamphamvu koma osalemetsa njanji pamalo amodzi, ankaonjezera magudumu. Koma akachuluka, chitsulo chija chimatalika, ndiye pokhota magudumu akutsogolo ndi akumbuyo amakankha njanji, kuidya, mwina kuitagaza kumene.

Ku Soviet Union anapanga mutu wa AA20 mu 1934, wa magudumu okoka 14 pa chitsulo chimodzi. Unkatagaza njanji, n'kumagwa pamphambano. Sanapangenso wina.

Nzeru yabwino inali ya Mngelezi Herbert Garratt. Iyeyu anati mutu ukhale zigawo zitatu: thanki yophikira madzi ilendewere pakati, magudumu akhale magulu awiri, lina kutsogolo pansi pa madzi, lina kumbuyo pansi pa malasha. Mutu wotere umapindika pawiri, ngati ngolo yokokera inzake. Kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester inapanga woyamba mu 1909, wopita ku Tasmania. Kuno kwathu unakwana zedi, pakuti njanji zathu n'zopapatiza, mamilimita 1067 basi, ndipo ya ku Beira pokwera mapiri a Manica kupita ku Mutare ndi makhona okhaokha. A Rhodesia Railways anayamba kuyendetsa ma Garratt mu 1926.

Tsono china chodabwitsa n'chakuti njanji yamakono si kuti imalandira mutu uliwonse wakale ayi. Ku Britain mitu ya 9F inali ndi magudumu okoka 10. Kuti izikhota, magudumu apakati anawasiya opanda mlomo wogwira njanji, n'kuwakulitsa m'lifupi. Zinayenda bwino nthawi imeneyo, ndipo mutu wa malasha womaliza kupangidwa ndi British Railways mu 1960, Evening Star, ndi wa mtundu umenewu. Koma pamphambano za masiku ano pali kanjanji kotchinjiriza kotukuka pang'ono, ndipo gudumu lotakata lija likhoza kukwerapo. N'chifukwa chake ma 9F otsalawo saloledwa pa njanji zikuluzikulu za dzikolo. Amene akuyendabe amanyamula alendo pa njanji zazifupi zosungira mbiri.