Za Injini Zazing'ono Zotumikira Odwala

Pa chikondwerero chino cha jubili tatchula maina a abusa, aphunzitsi ndi madotolo; koma alipo ena amene maina awo sanalembedwe, ndiwo otema nkhuni ndi otunga madzi a pachipatala chathu. Kuti tizindikire kulemera kwa ntchito yawo, timve mbiri ya kutsidya kwa nyanja.

Kale ku Ulaya ndi ku Amereka maboma anamanga zipatala zazikulu za odwala misala kutali ndi mizinda. Maikowo ndi ozizira koopsa, ndipo popanda malasha odwala sakanaona kutentha, chakudya sichikanapsa, zofunda sizikanachapidwa. Chifukwa chake zipatala zina zinayala njanji zawozawo, nizigula injini zazing'ono za nthunzi. Ntchito yake ya injinizo sinali kuthamanga maulendo aatali ayi, koma kutola ngolo zimene sitima yaikulu yasiya pasiteshoni, kuzikankha, kuzisanja, ndi kuzikokera kuchipatala.

Chimodzi cha zipatalazo chinali cha Whittingham, pafupi ndi mzinda wa Preston ku Mangalande, chimene chinatsegulidwa mu 1873. Poyamba akavalo ndiwo anakoka malasha. Koma pochuluka odwala, akulu a chipatala anayala njanji yosakwana mamailosi awiri kufikira ku Grimsargh, naitsegula mu 1889. Injini yoyamba inachokera kwa Andrew Barclay wa ku Kilmarnock, m'dziko la Scotland, ndipo inzake inadza mu 1904. Chodabwitsa n'chakuti anthu anakwera sitimayo osalipira kanthu: anamwino, abale odzazonda odwala, ngakhale eni mudzi omwe. Mu 1930 sitima zonyamula anthu zinaleka kuyenda panjanji yaikulu ya pa Grimsargh, koma kasitima ka chipatala sikanaleke. Pofika 1939 odwala anapitirira 3,500, onsewo akudalira moto wa malasha amene kanabwera nawo.

Itatha nkhondo yachiwiri, injini yoyamba inali itakalamba. Tsono anagula ina yakale yochokera kumwera kwa dzikolo, naitcha James Fryars. Mu 1953 anabweretsa yotsiriza, dzina lake Gradwell, imene inayamba yagwira ntchito ku Bolton. Koma magalimoto a pamsewu anachuluka, ndipo mu June 1957 njanjiyo inatsekedwa, itatumikira zaka 68. Chipatalacho chinatsekedwa mu 1995.

Abale athu, ndi inu akatekisiti, talingalirani: odwala aja ambiri sanamdziwe munthu wothira malasha m'ng'anjo ya injini m'mamawa wa chisanu, komatu kutentha kwa m'chipinda mwawo kunachokera m'manja mwake. Momwemonso pano pathu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Tsono poyamika Mulungu chifukwa cha zaka zapitazi, tisaiwale iwo amene anasenza katundu wa odwala mwakachetechete. Ndipo pobwerera kumidzi yathu tiwafunefune amene akali ndi moyo, tiwagwire chanza.